Mipeni yaing'ono yosapinda: zolemba za pachipala ku Ulongwe

Epulo, mvula ikutha

Ntchito yanga ya masiku onse ndi makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi zitsulo za ngolo. Mipeni yaing'ono sindinkaiwerengera. Koma anthu akhala akubwera nayo pachipala pano yothyoka, mpeni kudzanja ili chigumbu kudzanja linali, n'kumati ndiwawotcherere. Mpeni wothyoka suwotchereka. Pamene wawotcherapo m'pamene udzathyokerenso. Ndiye ndaganiza zosula gulu la mipeni yaing'ono yosapinda, ndiigawe kwa anthu amene sanyengerera mpeni, ndizilemba pano zimene zikuichitikira mpaka mvula ina idzakhazikike.

Kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, mpeni waung'ono sugwira ntchito imodzi. Womwewo usenda mbuzi, womwewo utsegula chitini, uzula msomali pathabwa, umanga sikuluu ya njinga yamoto, ndipo nkhwangwa ikasowa munthu amaukhoma pamsana ndi chikuni kuti awaze nkhuni zoyatsira moto. Wina anganene kuti kumeneko n'kuzunza mpeni. Ine ndikuti wosulira anthu a kuno asule akudziwa kuti mpeni wakewo ukakumana nazo zimenezi, afune asafune.

Abambo ambiri m'thumba amayenda ndi wopinda, makamaka Okapi, umene unayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902 ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Pa ntchito imene anaupangira ndi mpeni wabwino. Kungoti mpeni uliwonse wopinda uli ndi kamsomali pamene umapindikira, ndipo palibe amene anaupangira kukhomedwa pamsana. N'chifukwa chake ndikuyesa yosapinda yokhayokha.

Kukula kwake ikhala yofanana: chitsulo chodulira masentimita 10, chigumbu masentimita 11, m'lifupi mamilimita 25, msana wochindikala mamilimita 3. Zitsulo zikhala zamitundu itatu, mola (sipuling'i) ya galimoto, matupa akale, ndi chikwanje chotha. Chizindikiro cha mtundu uliwonse ndikuwotcha pachigumbu, kadontho kamodzi mola, tiwiri tupa, titatu chikwanje. Pachitsulo sindikhomapo chilichonse, chifukwa kachibowo kokhoma ndi poyambira mng'alu. Ndagulanso m'sitolo mipeni yotchipa ija yosachita dzimbiri, ya chigumbu cha pulasitiki, kuti iyende limodzi ndi yangayi.

Misuka ikhala ya mitundu iwiri. Ina yotambalala, yofika kumapeto kwa chigumbu, matabwa awiri uku ndi uku. Ina yopyapyala yolowa m'mtengo, monga timachitira ndi khasu. Pa yopyapyalayi, ina ndisiya mapewa a ngodya yakuthwa pamene msuka ukuyambira, monga ilili mipeni yambiri ya pamsika, ina ndizungulizapo. Ndikufuna ndione ndi maso ngati kusiyana kumeneku kuli ndi ntchito.

Meyi, sabata zoyambirira

Mola ndaipeza kwa anyamata okonza magalimoto. Mola zambiri zimapangidwa ndi chitsulo cha mtundu wa 5160 kapena china chofanana nacho, chokhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti ndi chromium wosakwana 1 peresenti. Kaboni ameneyo ndi wokwanira kuti mpeni uume n'kugwira kuthwa, koma si wochuluka moti n'kumasweka wamba. Vuto la mola yakale n'lakuti yagwira kale ntchito zaka zambiri m'misewu yathu yokumbikayi, yapindika n'kubwerera kosawerengeka, ndipo imabisa timing'alu. Imene inathyoka pagalimoto ndimaikana, ngakhale andipatse ulere. Pa yamoyo ndimadula chakunsonga, kutali ndi bowo la pakati, ndipale mbuu, nditenthetse ndione ngati pali kamzere kakuda kamene sikakufiira limodzi ndi pena ponse.

Matupa ali ndi kaboni wambiri, 1 peresenti kapena kupitirira. Koma si tupa lililonse. Ena otchipa ndi chitsulo wamba chimene anangochiumitsa khungu lokha, ndipo ukapala mano umapeza m'kati muli chitsulo cha msomali. Kuyesa kwake n'kosavuta: dula kachidutswa, fiiritsa, viika m'madzi, pana pa vayisi, menya. Likathyoka phwa, ndi labwino. Likapindika, libwerere mudengu la zitsulo zakutha. Pa mulu umene ndinatolera kwa akalipentala, angapo abwerera mudengu. Mano a tupa ayenera kuchoka onse usanayambe kusula, apo ayi nyundo imawapinda n'kuwakwirira m'kati, ndipo mzere uliwonse wa dzino umasanduka mng'alu wodikira tsiku lake.

Chikwanje sindikusula. N'chopyapyala kale, pafupifupi mamilimita 2, ndipo anachiumitsa kale kufakitale. Ndangojambula n'kudula pang'onopang'ono ndikuthira madzi kuti chisapse. Ndiye gulu limeneli latuluka lopyapyala kuposa enawo. Sizikundidandaulitsa, zithandiza kuona ntchito ya kuchindikala.

Makala ndikugwiritsa ntchito a tsanya, ochokera kumunsi cha ku Moatize. Amalemera, sathetheka kwambiri, ndipo moto wake umakhala nthawi. A kuno kumtunda amapsa msanga, ukamavukuta umangoona phulusa likuuluka. Pali amene amandifunsa chifukwa chimene sindisulira malasha, poti chigawo chathu cha Tete n'chimene chimakumba malasha amene amadutsa pasitima m'Malawi kupita ku Nacala. Malasha osaphika ali ndi sulfure, ndipo sulfure ndi chitsulo cha mpeni sizigwirizana. Makala ndi oyera, ndipo ndimawadziwa.

Meyi, kumapeto

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndiye ndilemba mwatsatanetsatane.

Poumitsa ndimadikira dzuwa lilowe. Masana maso amanama. Chitsulo chimene padzuwa chikuoneka chofiira pang'ono chimakhala chitapitirira kale. Muyeso wanga ndi maginito a sipika yakale omangirira pawaya. Chitsulo chikafika madigiri 770 maginito amasiya kuchigwira, ndipo kuchokera pamenepo m'pofunika kuwonjezera pang'ono pokha, chifukwa cha tupa chimafuna pafupifupi 800, cha mola pafupifupi 830. Kupitirira apo mpeni umauma ndithu, koma tinjere ta m'kati mwa chitsulo timakula, ndipo mpeni wa tinjere tikulutikulu suchedwa kuthyoka. Zimenezi kunja sizioneka. Mpeni wopsereza ndi wabwinobwino amanyezimira mofanana pamsika.

Ndisanaviike, mpeni uliwonse ndimautenthetsa mpaka maginito asiye, n'kuusiya uzizire wokha pamphepo, katatu. Kumeneko kumabweza tinjere timene tinakula posula. Pa chitsulo chilichonse ndimasulanso kachidutswa kapadera kamene kamadutsa monse mmene mpeni ukudutsa, kenako n'kukathyola. Pothyokapo pakakhala potuwa, posalala ngati ufa woyera, zili bwino; pakamanyezimira ngati shuga, moto unachuluka, ndiyambirenso.

Ndikuviika m'mafuta ophikira a soya, osati m'madzi. Madzi amaziziritsa mwaukali, ndipo chitsulo cha tupa chimatha kung'aluka uli chigwirire ndi mbaniro. Mafutawo ndimayamba ndawafunditsa poponyamo chitsulo chamoto, mpaka chala chizingopirira pang'ono. Mafuta ofunda amayenda msanga pachitsulo kusiyana ndi ozizira, makamaka nyengo ino pamene m'mawa ku Ulongwe mafuta amachita kugona m'botolo. Oyilo wakutha wa galimoto amene osula ambiri amakonda ndinamusiya kalekale. Utsi wake si wabwino m'chifuwa, ndipo mpeni wodulira nyama sindifuna uyambire m'menemo. Mbali yodulira ndimaisiya yochindikala milimita imodzi, kunola kumabwera pambuyo. Ukaviika mpeni wothwa kale umatuluka wokhotakhota. Polowetsa, nsonga patsogolo, kuyendetsa chokweza ndi chotsitsa, osati cham'mbali.

Ukatuluka, tupa latsopano liyenera kutsetsereka osaluma. Pamenepo mpeni ndi wouma gwa koma sungagwire ntchito. Utagwa pasimenti ukhoza kusweka. Uyenera kuwambidwa, kutenthetsedwanso pang'ono kuti ukali uchepe. Chitsulo chopala bwino chimanena chokha ndi mtundu: chikasu cha udzu wouma cha m'ma 200 mpaka 220, kuderako n'kufiirira cha m'ma 250, kenako pepo, kenako buluu cha m'ma 300. Mafakitale amayeza kuuma ndi makina a Rockwell, ndipo mipeni yambiri yogwirira ntchito imakhala pakati pa 57 ndi 60. Ine makinawo ndilibe, ndili ndi mitundu ndi tupa.

Alamu anga amaphika buledi mu uvuni wa njerwa. Buledi womaliza akatuluka uvuni umatsika pang'onopang'ono, ndipo umasunga kutentha kuposa chilichonse chimene ndingapange pachipala. Ndakwirira mipeni mumchenga m'chitini, kachidutswa kopala kali pamwamba kuti ndizionera mtundu, maola awiri, kenako kubwerezanso tsiku lotsatira. Theka la mipeni ndaichotsa pa chikasu, theka lina ndalowetsa uvuni ukadali waukali kuti ifike pofiirira. Pa pepo ndi buluu sindikufikapo, chifukwa zitsulo zamtundu umenewu zikawambidwa pakati pa 260 ndi 350 zimafewa koma kupirira kwake pomenyedwa sikuwonjezeka, kumatsika kumene. Alamu akuti lendi ya uvuni ndi mpeni umodzi wa kukhitchini. Ndavomera.

Juni, sabata yoyamba

Zigumbu zatha. Zambiri ndi za mlombwa, zidutswa zotsala kwa akalipentala. Zingapo za tsanya, zingapo za bulugamu wouma kuti ndione ngati mtengo wopezeka paliponsewu ungakwanire. Zomangira ndi timisomali ta mkuwa todula ku ndodo zowotcherera. Zina ndathira guluu wosakaniza uja wa machubu awiri, zina ndangokhoma. Tsanya amavuta kuboola, ndipo chimodzi chang'aluka pokhoma msomali wothina.

Juni, pakati

Ndisanaigawe ndaiyesa ndekha pabwalo.

Pa chingwe cha khonje, ya tupa yowamba pa chikasu ndiyo yadula nthawi yaitali isanabunthe. Ya mola yatsatira osati patali. Ya chikwanje ndi ya m'sitolo yabuntha msanga. Apa palibe chodabwitsa.

Kenako ndapana kandodo ka mkuwa pa vayisi, n'kumakanikiza mbali yodulira cham'mbali mpaka ndione kuthwa kukupindikira pakandodoko, ndikuyendetsa kuchokera kukhosi mpaka kunsonga. Chitsulo chabwino chimapindika n'kubwerera. Chouma kwambiri chimabenthuka, chofewa chimatsala chopindika. Ya tupa ya chikasu yasiya timabenthu ting'onoting'ono tomveka ndi chikhadabo. Ya tupa yofiirira ndi ya mola yonse yabwerera.

Kukhoma pamsana ndayamba ndi bulugamu, yonse yadutsa. Pa chikuni cha tsanya chokhala ndi mfundo ndiye zasiyana. Ya tupa ya chikasu yabenthuka pakati penipeni. Ya chikwanje yakhota potsatira mfundo, koma poitulutsa yawongoka yokha. Ya mola sinaonetse kanthu. Wa m'sitolo chitsulo chapirira, koma pulasitiki yang'aluka pakhosi, ndipo m'kati mwapezeka kamsuka kosakwana chala. Ndauvekanso chigumbu cha mlombwa kuti upitirize ulendo.

Nsonga ndabaya pathabwa n'kukanula cham'mbali, monga amachitira munthu wozula msomali. Wa tupa wa chikasu wasiya kansonga kake m'thabwa. Wa mola wofiirira wapindika pang'ono, ndauwongola ndi nyundo osautenthetsa. Poona zimenezi nsonga zonse ndazikonzanso, ndatsitsa msana chakumapeto kuti nsonga ikhale yaifupi ndi yonenepa. Nsonga yaitali yosongoka imakongola pogulitsa basi.

Yagawidwa motere, aliyense iwiri kapena itatu yosiyana: wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika wa Ulongwe, agogo ena oluka madengu ndi malichero ku Domwe, bambo wa ngolo amene amatuta mbatata ya kachewere ku Tsangano, msuweni wanga wolima fodya ku Furancungo, ndi mphwanga amene amagwira ntchito ya nsomba ku nyanja ya Cahora Bassa. Onse ndawauza chimodzi: musaisunge, ndipo ikathyoka musataye, mubweretse zidutswa zonse.

Julayi

Wambuzi wabwera pambuyo pa chikondwerero cha ufulu wa dziko cha 25 Juni, pamene mbuzi zimaphedwa zambiri.

"Achimwene, wa madontho awiriwu posenda ndiye palibenso, mbuzi zingapo osaunola. Koma taonani apa."

Mabenthu awiri, limodzi lakuya pafupifupi milimita. Ndamufunsa chimene ankachita. Akuti ankalekanitsa nthiti pachifuwa, mpeni pafupa, chikhatho pamsana. Wa mola anachita nawo chimodzimodzi, kuthwa kunangopindikira mbali imodzi, anaukwecha kangapo pamwala n'kupitiriza.

"Ndiye mukufuna uti?"

"Wa kadontho kamodziwu. Ndimaunola m'mawa ndi masana, koma sundinyenga."

Nkhani imeneyi ndaiganizira masiku angapo, chifukwa ikutsutsana ndi zimene ogula amafunsa. Munthu akabwera kudzagula, funso lake ndi lakuti kodi subuntha. Wosula naye pofuna kutamandidwa amausiya wouma kwambiri. Koma benthu la milimita imodzi silichoka pokhapokha utadya mbali yonse yodulira ndi milimita imodzi, kuyambira kukhosi mpaka kunsonga, ndipo chitsulo chouma chotero pamwala wa kumtsinje ndi ntchito ya madzulo onse. Ambiri sachita zimenezo. Amangopitiriza ndi mpeni wa mabenthu mpaka benthu limodzi lidzasanduke mng'alu. Kuthwa kopindika kumabwerera pamwala uliwonse, ngakhale pamsana pa mpeni unzake. Kwa munthu amene chonolera chake ndi mwala wa pakhomo, mpeni wokhalitsa ndi umene iye angathe kuukonza yekha, ngakhale uzibuntha kawirikawiri.

Wadandaulanso za zigumbu. Chimene sindinathire guluu magazi alowa pakati pa thabwa ndi msuka, mwachita dzimbiri, ndipo mukununkha. Cha guluu chili bwinobwino. China n'chakuti dzanja likakhala ndi mafuta a nyama limatsetserekera kutsogolo, ndipo chala chake cha mkombaphala chili ndi kachilonda kochitira umboni. Ndasema pokhala chala pa zigumbu zake zonse. Yotsatira idzatuluka nacho kale.

Ogasiti

Ndinapita ku Domwe pa nkhani ina, ndinadzera kwa agogo a madengu. Iwo maganizo awo ndi osiyana ndi a wambuzi.

"Amisiri, wofewawu mutenge, mukapatse ana azisendera mbatata. Nsungwi imafuna uwu."

Akunena wa tupa wa chikasu, mtundu womwe uja unabenthuka pa fupa kwa wambuzi. Khungu la nsungwi lili ndi silica, timchenga tosaoneka timene timadya kuthwa msanga, koma pong'amba ndi popala nsungwi palibe kumenya kapena kukanula. Wawo alibe benthu ngakhale limodzi. Aunola mbali imodzi yokha kuti uzigona bwino pansungwi, ndipo apempha kuti wotsatira ndidzautero kuchokera pachipala. Matupa sinditaya, koma mpeni wa tupa wouma choncho ndizigulitsa kwa oluka ndi osema okha.

Seputembala

Palibe mpeni wabwera. Pachipala padzaza makasu ndi mapulawo, anthu akukonzekera kulima.

Okutobala, koyambirira

Woyamba kuthyokeratu wafika, wochokera kwa bambo wa ngolo. Chikeyi chinathina m'goli, iwo n'kulowetsa mpeni kuti akanule. Wathyokera pakhosi, chitsulo chodulira chili bwinobwino, msuka watsala m'chigumbu. Ndi wa mola, wa msuka wopyapyala, wa mapewa a ngodya yakuthwa.

Pothyokapo pakunena zonse. Tinjere n'tosalala, ndiye moto sunalakwike. Koma pangodya ya phewa pali kachigawo kakuda kadzimbiri, kakang'ono, pamene pena ponse pali mbuu. Kakudako ndi mng'alu wakale, umene unayamba mwina miyezi iwiri yapitayo, n'kumakula pang'onopang'ono nthawi iliyonse mpeni ukakanula kanthu, madzi n'kumalowamo. Poyerapo m'pamene panathyoka tsiku la chikeyi. Chikeyicho chinangomaliza ntchito imene inayamba kale. Mphamvu ikamadutsa kuchokera pachitsulo chotambalala kulowa pamsuka wopyapyala imaunjikana pangodya, ndipo ngodya ikakhala yakuthwa imaunjikana pamalo amodzi. Unzake wa mapewa ozungulira, chitsulo chomwecho, m'manja omwewo, ndauchotsa chigumbu n'kuupala kuti ndione: palibe mng'alu. Kusiyana kwa awiriwa ndi mphindi zochepa za tupa lozungulira lonolera tcheni cha makina ochekera mitengo.

Izi sizikutanthauza kuti msuka wolowa m'mtengo ndi woipa. Mipeni ya Mora ya ku Sweden, imene kukula kwake n'kofanana ndi yangayi, yambiri msuka wake sufika kumapeto kwa chigumbu, koma imadziwika ndi kupirira. Nkhani ili pa mmene khosi lapangidwira, ndi pa kutalika kwa msuka. Wanga sudzacheperanso magawo atatu mwa anayi a chigumbu. Khosi ndi msuka ndiziziwambanso padera ndi chitsulo chamoto, mbali yodulira ili m'madzi, kuti pamenepo pakhale popindika osati pothyoka.

Bambo wa ngolo akuti ndingowasulira wochindikala. Ali ndi mfundo. Mphamvu ya chitsulo pokanula cham'mbali imakula mofulumira kuposa kuchindikala kwake: cha mamilimita 3 chimapirira kuposa kawiri cha mamilimita 2, ndipo cha 4 chimaposa cha 3 pafupifupi kawirinso. Koma mpeni wa masentimita 10 ukafika mamilimita 4 umayamba kung'amba mbatata m'malo moidula, ndipo posenda umalemera. Ndawauza kuti chikeyi chimafuna chitsulo chokanulira, ndawapatsa chidutswa cha mola chophwatalala kuti chizikhala m'ngolo. Aseka, koma atenga.

Okutobala, kumapeto

Mphwanga wakwera chapa (minibasi) kuchokera ku Songo, kufupi ndi Cahora Bassa, wabwera nayo yonse itatu. Kumeneko yapambana ndi ya m'sitolo, ndipo sindikuchita nazo manyazi kulemba.

Ntchito yake ndi kutumbula ndi kung'amba nsomba zothira mchere, zouma zija timazitcha chikowa. Wa mola wafiira dzimbiri mbali zonse, ndipo m'mbali yodulira muli timaenje. Akuti amaunola madzulo, m'mawa n'kuupeza wabuntha usanadule kanthu. N'zoona, chifukwa kuthwa ndi kopyapyala kwambiri moti dzimbiri la usiku umodzi limakudya. Chitsulo chimatchedwa chosachita dzimbiri chikakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, pamene mola ilibe ngakhale 1. Kupaka mafuta kumathandiza kwa munthu wodula nyama, koma amene manja ake ali mumchere tsiku lonse sangakwanitse. Chitsulo chosachita dzimbiri sindingachiumitse pachipala changa, chimafuna madigiri opitirira 1,000 oyezedwa bwino. Chimene ndingachitire anthu a kunyanja n'kuwaveka zigumbu zolimba pa mipeni ya m'sitolo, poti wa mlombwa uja wagwira miyezi yonseyi osagwedera.

Ulendo umenewu waweruzanso mitengo. Kumunsi kwa Zambezi mwezi uno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mtengo umene kuno kumtunda timati wouma ukafika kumeneko umaumanso kachiwiri. Chigumbu cha bulugamu chafota, misomali yatulukira n'kumakanda chikhatho, ndipo chang'aluka kumapeto. Mlombwa sunasunthe. Bulugamu wachoka pa mndandanda.

Disembala

Mvula yayamba, ndipo zimake zachikopa zaonetsa khalidwe lake. Chikopa chimamwa madzi n'kuwasunga, mpeni ukagonamo usiku umodzi umatuluka ndi mawanga. Ndayesa paipi ya pulasitiki ya madzi, kuifewetsa pamoto, kuiphwatalitsa mpeni uli m'kati, n'kusiya kabowo kumunsi kotulukira madzi. Siikongola, koma imagwira mpeni osagwa ndipo imatsukika.

Msuweni wanga wa ku Furancungo watumiza umodzi ndi uthenga wakuti wafooka, ukubuntha tsiku lomwelo. Ndi wa mola wofiirira, umene wadula luzi, udzu wa nazale ndi timitengo ta chigafa kuyambira Ogasiti popanda dandaulo. Ndangouyang'ana ndaona chifukwa. M'mphepete monse muli kamzere ka buluu, ndipo m'lifupi watsika kuchoka pa mamilimita 25 kufika pa 21. Pafoni wavomera kuti anaupereka kwa anyamata onola ndi rebarbadora (makina a mwala wozungulira) pamsika, kenako anabwererako kangapo chifukwa sunkachedwa kubuntha.

Mwala wa makina umazungulira mothamanga ndipo ndi wouma. Kuthwa kwa mpeni n'kopyapyala, kulibe kopititsa kutentha, ndiye m'kanthawi kochepa kumapitirira madigiri 300, ndipo kuuma konse kumene ndinakusamala mu uvuni wa alamu kumathera pomwepo. Mpeni umachoka pamenepo ukumeta tsitsi la pamkono, mwini wake n'kulipira mokondwa, mawa lake wabuntha, abwererenso. Ulendo uliwonse makina akudya chitsulo. Wa wambuzi, umene wakhala ukunoledwa pamwala kawiri patsiku kuyambira Juni, ndauyeza dzulo: watha milimita imodzi yokha. Pa zonse zimene zaononga mipeni yangayi, fupa, mfundo ya tsanya, chikeyi, mchere, palibe chimene chadya chitsulo chambiri kuposa makina onolera. Anyamatawo sindikuwada, pa khasu ndi nkhwangwa amathandiza. Koma ndikanakonda akanamaika chitini cha madzi pambali n'kumaviika pafupipafupi.

Wa msuweniwo ndaupala pamwala wa madzi mpaka ndapeza pamene tupa layambanso kutsetsereka. Watsala wowonda, koma wabwerera ku Furancungo.

Januwale

Gulu lachiwiri ndayamba kudula. Lonse ndi la mola, mamilimita 3, lowamba mpaka chikasu chitadera, msuka wotambalala wofika kumapeto, mlombwa, guluu ndi misomali itatu ya mkuwa, pokhala chala, nsonga yaifupi. Ya msuka wolowa m'mtengo ndisula yochepa, ya mapewa ozungulira, chifukwa imatenga chitsulo chochepa ndipo ndikhoza kuigulitsa motsika. Ngodya yonolera ndikuisiya pafupifupi madigiri 25 mbali iliyonse kwa a nyama ndi a ngolo, 20 kwa ena onse. Ya chikwanje palibe umene wathyoka, koma imabuntha msanga ndipo imawerama pa ntchito yolemera. Imeneyo ikhala ya kukhitchini. Aliyense wogula azilandira kamwala konolera, ndapeza pamtsinje pamene pali miyala yosalala yoyenera.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi mola yomweyo. Ya gulu loyamba inachokera pa galimoto imodzi, ndipo yatha. Imene ndapeza tsopano ndi ya lole ina, yochindikala kwambiri, ndipo pa mwala wa makina ikutulutsa nthethe zosiyanako pang'ono. Tizidutswa take ndaviika kale, mawa ndithyola ndione tinjere ndisanawononge makala pa mipeni yeniyeni. Ya ku Furancungo iwiri yotsala ibwera akamaliza kuthyola fodya, cha mu Malichi, ndipo m'modzi mwa iyo ndi wa tupa wofiirira umene mpaka pano palibe amene waudandaula.